Chikwama chimene chikadandiphetsa

Mu Okutobala 2017 ndidatsala pang'ono kufa chifukwa cha chikwama. Ndinkachokera ku boma la Phalombe komwe ndidakatenga zipangizo zochepa zophunzitsira sayansi, ndipo dzuwa lidandilowera panjira chifukwa njinga ya kabaza idaphwa mpweya kawiri. Tikuyandikira mudzi wina tidapeza msewu atautchinga ndi mitengo ndi miyala. Anyamata adatuluka mumdima, ena ndi zibonga, ena ndi zikwanje, mmodzi ndi tochi ya pafoni. Adandilamula kuti nditsegule chikwama. M'menemo mudali timabotolo tagalasi, timapaipi tiwiri talabala ndi majakisoni atatu opanda singano, omwe timayezera madzi m'kalasi. Watochi uja atangoziwalitsa adakuwa liwu limodzi lokha: "Namapopa!"

Wakabaza adasiya njinga pomwepo nkuliyatsa. Sindimuimba mlandu, ndikadakhala ine ndikadathawanso. Amene adandipulumutsa ndi mayi wina yemwe mwana wake ndinkamuphunzitsa mu Fomu 2. Adadzipanikiza pakati pa gululo akukuwa kuti, "Awa ndi aphunzitsi a mwana wanga, asiyeni!" Adandikokera kwa amfumu, ndipo ndidagona komweko mpaka kutacha.

Nkhaniyi ndaifotokozapo kambirimbiri, koma pali chigawo chimene kwa zaka ndinkachibisa. Masiku atatu chisanachitike chimenechi, ine ndemwe ndidauza mphunzitsi mnzanga kuti m'mudzi woyandikana nawo mayi wina adamupeza m'mawa ali lefu, atamupopa. Mayiyo sindidamuone. Dzina lake sindinkalidziwa. Ndidamva kwa wogulitsa tomato, yemwenso adamva kwa mlamu wake. Sabata imeneyo ndidagonanso panja pamoto ndi anzanga a m'mudzi, tikuimba zitini kuti anamapopa aope. Ine, mphunzitsi wa Biology, wa dipuloma yake m'chikwama.

Amene adali kum'mwera chaka chimenecho akukumbukira. Mphekesera zidayamba mu Seputembala ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 9 adaphedwa powaganizira kuti ndi opopa magazi, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo mtsogoleri wa dziko, Peter Mutharika, adachita kuyendera mabomawa kukalankhula ndi anthu. Sikadali koyamba. Mu 2002, njala ili pakhosi, kudamveka kuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo, ndipo mu Januwale 2003 gavanala wa chipani cholamula mu Blantyre, Eric Chiwaya, adagendedwa ndi miyala pa nkhani yomweyo.

Chondichititsa manyazi nchakuti yankho ndidali nalo m'mutu. Chaka ndi chaka ndimaphunzitsa kuti magazi akatuluka m'thupi amaundana pa mphindi zochepa. A Malawi Blood Transfusion Service akabwera pasukulu kudzatenga magazi, amachita kumugoneka munthu, kufunafuna mtsempha, kubaya, ndipo magaziwo, pafupifupi mamililita 450, amalowa m'thumba lomwe muli kale mankhwala oletsa kuundana. Akatero amawasunga pozizira madigiri 2 mpaka 6, ndipo pakangotha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi amakhala atha ntchito. Tsono munthu angaime padenga usiku, nkupopa magazi a munthu ali mtulo, nkuthawa nawo m'chigubu kudutsa m'minda ya nandolo? Mwana wa Fomu 3 akadalemba zimenezo pamayeso ndikadamuthetha ndi cholembera chofiira. Koma usiku umenewo, zitini zikulira, mabukuwo adakhala chete m'mutu mwanga. Mantha akalowa pakhomo, nzeru imatulukira pazenera lakuseri, ndipo anthu amene amadya za pakamwa amazidziwa bwino zimenezi.

Kusukulu za kumudzi mphunzitsi sasankha phunziro. Chaka chotsatira wa History adasamutsidwa, ndipo a hedi adangoti, "Inu ndinu wachinyamata, mutha." Ndiye pokonzekera phunziro la Germany ya Hitler ndidakumana ndi liwu loti propaganda, lomwe kale ndinkangolimva pawailesi andale akamanyozana. Liwuli silidayambe ngati chitonzo. Mu 1622 Papa Gregory XV adakhazikitsa nthambi ya mpingo yoyang'anira kufalitsa chikhulupiriro, ndipo m'dzina lake la Chilatini mudali liwuli, kutanthauza chinthu choyenera kufesedwa. Lidadetsedwa ndi nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija. Hitler atangotenga boma mu 1933 adapanga unduna wathunthu wa propaganda nkuupereka kwa Joseph Goebbels, yemwe adaonetsetsa kuti kupangidwe mawailesi otsika mtengo kuti mawu a chipani alowe m'nyumba iliyonse. Ndikuwerenga zimenezi ndidaona kuti zida zomwe unduna umenewu unkagwiritsa ntchito pa Ayuda nzomwezo zidandizungulira pamsewu paja: kuopseza, kubwereza, ndi kumupatsa munthu dzina loti asaonekenso munthu.

Wina anena kuti mphekesera ndi propaganda nzosiyana, ndipo akunena zoona. Propaganda ili ndi mwini wake amene wakhala pansi nkuiphika, pomwe mphekesera imangomera ngati bowa. Koma bowa akamera, otola sasowa. Pamisewu yotchingidwa ija ena ankalipiritsa odutsa, ndipo amene adali ndi kachifukwa ndi mnzake, kaya ka malire a munda kaya ka ngongole, adapeza liwu limodzi lotha kumumaliza. Pamene mphekesera yapeza woidyerera, kusiyana kuja kwatha.

Ndidafuna kuti ana anga azimve zimenezi m'thupi mwawo, osangoloweza za Goebbels. Ndidagula mtanda umodzi wa sopo pagolosale, nkuudula pakati. Chidutswa china ndidachikulunga m'pepala lonyezimira la mphatso, china m'nyuzipepala yakale. M'kalasi ndidati wonyezimirayo wandibweretsera mlamu wanga wa ku Johannesburg, ndipo ndi amene amasambira oimba otchuka kumeneko. Ndidaika mabeseni awiri kutsogolo. Woyamba kusamba m'manja ndidamusankha dala, mnyamata wolongolola yemwe anzake amamutsatira, ndipo ndidali nditamunong'oneza kale zoti anene. Adanunkhiza manja nkuti, "Eee, wa ku Joniyu nde ayi, akuchita kuterera!" Mwa ana 58 omwe adalipo tsikulo, 51 adati wa ku Joni ndi wonunkhira kwambiri. Mtsikana wina adalumbira kuti khungu lake layamba kale kufewa. Nditalumikiza zidutswa ziwirizo pamaso pawo, malembo a dzina la sopoyo nkugwirizana bwinobwino, m'kalasi mudangoti zii, kenako phokoso.

Chidandigwira mtima ndi zomwe adanena mmodzi mwa asanu ndi awiri aja. Adati iye adamva kuti fungo ndi limodzi, koma ataona mikono yambiri ili m'mwamba adatsala pang'ono kukweza wake, poopa kuti anzake amuseka kuti mphuno yake njachimidzi. Apa mpamene pagona nkhani. Ambiri mwa amene adandizungulira usiku uja sindikhulupirira kuti adali otsimikiza kuti ndine namapopa. Koma ndani akadayerekeza kunena kuti "tadikirani" pakati pa zikwanje? Wokayika amasanduka mnzake wa namapopa. Mayi uja adatha kutero chifukwa adali ndi chinthu chimodzi chimene iye mwini adachiona ndi maso ake: nkhope yanga patsiku la msonkhano wa makolo.

Ku America nkhaniyi adayamba kuiphunzitsa ana asukulu kalekale. Mu 1937 kudakhazikitsidwa bungwe la Institute for Propaganda Analysis mumzinda wa New York, lomwe lidatchula njira 7 zomwe okopa anthu amagwiritsa ntchito. Sindizindandalika zonse, koma zingapo aliyense amene adapitako kumsonkhano wa kampeni azizindikira. Ina ndi yomwe idagwira ana anga, yoti "aliyense ali kuno, iwe watsalira chiyani?" Nchifukwa chake malole amatuta anthu kuchokera kutali kuti bwalo lidzaze, chithunzi chikaoneke pa Facebook. Ina ndi yodzisandutsa munthu wamba: bwana amene chaka chonse amadutsa ndi galimoto ya magalasi akuda, nthawi ya kampeni mumupeza pamsika akukukuta chimanga chootcha, pamaliro akugwira nawo fosholo. Ina ndi yobwereka nkhope ya munthu wokondedwa, woimba kapena wampira, kuti ayamikire chinthu chimene iye sakuchidziwa nkomwe. Ndipo ina, yomwe ine ndimaiona kuti njoopsa kuposa bodza lenileni, ndi yosankha zoona: kunena mokweza za mlatho womwe udamangidwa, nkukhala chete za mankhwala omwe adasowa kuchipatala. Palibe chabodza chomwe wanena, koma womvera wapita kwawo atanamizidwa. Pa izi sindikuloza chipani chimodzi. Nsalu zimasiyana mtundu, koma ng'oma imakhala yomweyo.

Ife a dziko la fodya tiyenera kudziwanso za Edward Bernays, yemwe mu 1928 adalemba buku lotchedwa Propaganda mosachita nalo manyazi dzinalo. Nthawi imeneyo ku America mkazi kusuta pagulu chidali chamanyazi, ndipo kampani ya American Tobacco idaona kuti ikutaya theka la msika. Mu 1929, pa perete wa Pasaka ku New York, Bernays adakonza atsikana ovala bwino kuti ayatse ndudu pagulu, atauziratu atolankhani kuti ndudu zimenezo ndi miyuni ya ufulu wa amayi. Sadanene kuti fodya ndi wokoma kapena wotchipa. Adatenga chinthu chabwino chimene amayi ankachifunadi, ufulu, nkuchimangirira ku chinthu chomwe ankafuna kugulitsa. Chikomekome cha mkuyu. Ndikaona chikwangwani cha ngongole za katapila wamakono chili ndi banja losekerera kutsogolo kwa nyumba ya malata, chiwongoladzanja atachilemba m'timalembo tosaoneka pansi penipeni, ndimakumbukira atsikana a ndudu aja.

Kubwereza nako kuli ndi mphamvu yomwe timaipeputsa. Mu 1977 akatswiri ena ku America adawerengera anthu ziganizo zosiyanasiyana, zoona ndi zabodza, maulendo atatu motalikirana masabata awiri. Adapeza kuti chiganizo chikamvedwa kachiwiri ndi kachitatu anthu ankachikhulupirira kwambiri, kaya nchoona kaya nchabodza. Ubongo umasokoneza "ndidazimvapo" ndi "nzoona". Za mayi wopopedwa uja ndidazimva kwa wa tomato, madzulo nkuzimvanso pachigayo, m'mawa kwa mlonda wa sukulu. Ndidayesa ndili ndi mboni zitatu, chonsecho onse adatunga pachitsime chimodzi. Masiku ano WhatsApp yachulukitsa zimenezi. Uthenga umodzi wa mawu, wa munthu wopanda dzina yemwe akuti "mchemwali wanga amagwira ntchito kuchipatala chachikulu", umakupeza pagulu la mpingo, la abale, la anzako a kusekondale, ndipo pofika madzulo umaona ngati dziko lonse likuchitira umboni.

Mtengo wake tidauona nthawi ya Covid-19. Katemera adafika m'dziko muno mu Malichi 2021, koma mauthenga oti wobayitsa sadzabereka, kapena kuti ndi chizindikiro cha chilombo, adali atafika kale. Mu Meyi chaka chomwecho boma lidatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 ku Lilongwe chifukwa masiku ake adatha. Zoona, katemerayo adabwera atatsala ndi masabata ochepa, koma nzoonanso kuti m'zipatala zambiri anamwino ankangokhala kudikira anthu omwe sankabwera. Kusukulu kwathu galimoto yoyera itangoima pabwalo, ana a Fomu 1 adatulukira m'mawindo kuthawira kuchimanga. Idali galimoto yobweretsa mabuku.

Bambo anga amakonda kusimba za 1993. Nthawi imeneyo wailesi idali imodzi, MBC, ndipo mawu omwe ankamveka m'misonkhano ndi oti matipate ndi nkhondo. Amati anthu ambiri kwathu adaopadi, mwina chifukwa nkhondo ya ku Mozambique adaiona ndi maso, othawa kwawo ali m'midzi yathu yomwe. Woopsezayo sadachite kupeka nkhondo, adangoloza yomwe idali kuseri kwa phiri nkuti ikubwera kuno mukasankha nyali. Pa 14 Juni anthu oposa 60 pa 100 alionse adasankha nyali, kusiya tambala wakuda, ndipo nkhondo sidabwere. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa imandikumbutsa kuti wokopa, ngakhale akhale ndi wailesi yonse yekha, sapambana nthawi zonse. Anthu adali atamva kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992 ikuwerengedwa m'matchalitchi, ndipo zomwe idanena zidagwirizana ndi zomwe ankaziona m'miyoyo yawo.

Koma chida chomwe chimandiopsa kwambiri, mwina chifukwa chidandigwera, ndi dzina. Ku Rwanda wailesi ya RTLM, yomwe idayamba kuulutsa mawu mu 1993, inkaimba nyimbo zokoma, owulutsa ake adali anthabwala, ndipo pakati pa nthabwalazo Atutsi ankawatchula kuti mphemvu. Mu 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ambiri ndi zikwanje za anansi awo. Mu 2003 khoti la ku Arusha lidapeza olakwa ena mwa eni wailesiyo ngakhale chida chawo chidali pakamwa. Munthu savutika mumtima popha mphemvu. Usiku uja ine sindidalinso mphunzitsi, mwana wa munthu, bambo wa mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Ndidali namapopa. Agogo angati m'midzi mwathu aotchedwa chifukwa cha liwu loti mfiti? Ndipo tikamatchulana maina a mitundu nthawi ya chisankho, "awo a chigawo chakuti ndi akuba", "awo ndi odzikonda", timayesa ndi macheza a pabawo. Sindikuti tafika pa Rwanda, ayi ndithu. Ndikungoti mpeniwo ndi womwewo, kungoti sudanoledwe.

Tsono tisamakopedwe ndi aliyense? Zimenezo nzosatheka, ndiponso zingatiphe. Mlangizi wa zaumoyo akamayenda khomo ndi khomo kuti tigone m'masikito, akutikopa. Mlangizi wa zaulimi akamati tibzale chimanga chimodzi paphando, akutikopa. Abusa, ankhoswe, amayi athu, onse amatikopa, ndipo amakhudza mtima, chifukwa munthu sasuntha ndi manambala okha. Kusiyana komwe ine ndakupeza nkwakuti mlangizi wabwino ukamufunsa kuti "mwadziwa bwanji?" amasangalala. Amakutengera kumunda wachitsanzo, amati bwerani mudzaone pokolola. Wa propaganda funso limenelo limamukwiyitsa. Amati nthawi yatha, tumizani uthengawu kwa anthu khumi usiku uno asadauchotse. Amati ofunsa mafunso ndi ogulidwa. Wogulitsa mankhwala wa chimkuzamawu pamsika wathu, yemwe botolo lake limodzi limachiza shuga, BP, chinzonono ndi kusowa mwayi wa banja, nditamufunsa kuti muli chiyani m'botolomo adauza gulu kuti ndatumidwa ndi achipatala. Anthu adandiyang'ana ine, osati botolo.

Ana anga ndidawapatsa mafunso oti azidzifunsa uthenga ukawatenthetsa magazi: wanena ndani, iye adaziona yekha, ndipo ndikakhulupirira apindule ndani? Ndidawonjeza kuti uthenga ukakuuza kuti uthamange, pamenepo mpofunika kukhala pansi, poti kuona maso a nkhono nkudekha. Zimathandiza, koma ndisakunamizeni kuti ndi katemera. Ine ndemwe chaka chatha ndidatumiza pagulu la aphunzitsi uthenga woti malipiro akwera mwezi wamawa, wokhala ndi chidindo chooneka ngati cha boma. Udali wabodza. Ndidaukhulupirira msanga chifukwa ndinkaufuna. Bodza lotiopseza timatha kulikayikira tsiku lina, koma lotikomera timalitsegulira chitseko tokha nkulipatsa mpando.

Ndiyeneranso kuvomera kuti m'kalasi ndimagwiritsa ntchito zida zomwezi. Ndikafuna kuti awerenge ndimawaopseza kuti olephera MSCE adzathera pa kabaza, ngati kuti wakabaza si munthu, chonsecho ndi wakabaza amene amanditengera kuchipatala mwana akadwala usiku. Ndimasankha zitsanzo za ana awiri omwe adapita ku yunivesite, osatchula makumi omwe adakhoza bwino koma ali pakhomo. Cholinga nchabwino, ndimadzitonthoza choncho. Goebbels nayenso ayenera ankadzitonthoza.

Teremu yathayi, nditamaliza kusimba za chikwama changa mu Fomu 4, mtsikana wina wa kumbuyo adakweza mkono. "Aphunzitsi, mwati tizifunsa. Nanga ifeyo tidziwa bwanji kuti nkhani yanuyi njoona? Mwina mwangoipeka ngati za sopo zija."

Kalasi idaseka, ine ndidamva kutentha kumaso. Ndidamuuza mudzi womwe mayi uja amakhala, ndipo Loweruka adapitadi pa njinga ya mchimwene wake. Lolemba adaimirira kupereka lipoti. Adati mayiwo avomera kuti zidachitika, ndipo chikwamacho akuchikumbukira. Koma akuti anyamatawo adali asanu ndi mmodzi basi, chikwanje chidali chimodzi, ndipo wakabaza sadathawe, adathamangira kukaitana amfumu.

"Akutinso inuyo munkalira, aphunzitsi. Zimenezo simudatiuze."